Injini inayaka masekondi atatu okha, nanga ankawomberanji m'manja?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa Physics pa sekondale ina ku Ntcheu. Mwezi watha ndinaonera pa YouTube anthu ongodzipereka a ku Ulaya akuyesa injini ya roketi yomwe anapanga okha. Ndinakhala maola pafupifupi atatu ndikuyang'ana thanki yofuka utsi woyera mpaka bandulo yanga inatsala pang'ono kutha. Nthawi itakwana, injini inangoyaka masekondi atatu n'kuzima, roketi osauluka n'komwe, koma anthu aja anawomba m'manja ngati achinya chigoli. Kodi zinatheka kapena zinakanika? Ulendo wina ndiziyang'ana chiyani kuti ndizimvetsa? Komanso ana anga a Fomu 3 ataona kavidiyoko akundiumiriza kuti nafenso tipange yathu ku kalabu ya sayansi. Nditani?"

Aphunzitsi, mtima m'malo, bandulo yanu sinapite pachabe. Chimene munaonera amachitcha static fire, kuyatsa injini ili yomangirira pansi. Injiniyo amaimanga ndi mabawuti pa chitsulo cholimba chomwe chazikidwa mu konkire, ndipo patsikulo palibe amene amayembekeza kuti china chake chiuluke. Chikauluka ndiye kuti zavuta. Anthu aja sanabwere kudzaonetsa moto, anabwera kudzayeza, ndipo masekondi atatu ndi nthawi yokwanira kuyeza zambiri. Masensa a pa injini amalemba presha, kutentha ndi mphamvu yokankha kambirimbiri pa sekondi imodzi, ena mpaka ka 1,000. Ndiye kumene inu munaona kuthwanima kwa moto, iwo anakolola manambala oti akhala nawo pansi mlungu wathunthu. Kuwomba m'manja kuja nthawi zambiri kumatanthauza zinthu zitatu: injini yayaka pa nthawi yake, yazima pamene anailamula, ndipo ikadali yathunthu moti mawa angathe kuiyatsanso.

Simunatchule dzina la gululo, choncho nditenga chitsanzo cha Copenhagen Suborbitals a ku Denmark, amene ndi odziwika kwambiri pa magulu otere. Anayamba mu 2008, ndi anthu ogwira ntchito zina masana, ndipo maroketi amapanga madzulo ndi kumapeto kwa sabata pa malo akale okonzera sitima zapamadzi a Refshaleøen mumzinda wa Copenhagen, ndi ndalama zopereka anthu owatsatira. Injini yawo ya BPM-5 imakankha ndi mphamvu ya 5 kN, yomwe ndi yokwana kunyamula matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50. Imayaka ndi zinthu ziwiri: okosijeni wamadzimadzi, yemwe mudzamva akumutcha LOX, ndi ethanol, mtundu womwewo wa spiriti amene amapangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma wosungunulidwa kuti magawo 75 pa 100 akhale ethanol, otsalawo madzi. Madziwo sathiramo pofuna kusunga ndalama. Amatsitsa kutentha kwa moto kuti chitsulo chipirire, ndipo roketi ya V-2 ya ku Germany pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inkagwiritsa ntchito msakanizo womwewu.

Tiyambe ndi maola atatu aja, chifukwa ndi m'menemo muli theka la nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wodziwa choyang'ana saboweka nawo.

Poyamba amapopa naitirojeni m'matanki ndi m'mapaipi n'kutseka, kenako n'kuyang'ana ngati presha ikutsika. Ikatsika ndiye kuti penapake pakutuluka mpweya, ndipo mudzaona munthu akuyenda ndi kabotolo ka madzi a sopo kupopera m'malumikiziro, monga amachitira omata matayala. Akakhutira amathira mafuta, chifukwa ethanol akhoza kudikira mu thanki tsiku lonse. LOX ndiye amabwera pomaliza, popeza sadikira munthu. Amakhala wamadzimadzi pa madigiri 183 kunsi kwa ziro, ndiye akangokhudza paipi yomwe yakhala padzuwa amawira nthawi yomweyo, ngati dontho la madzi pa chiwaya chamoto. Malita oyambirira amathera kuziziritsa mapaipi ndi thanki. Utsi woyera munauona uja si utsi ayi, palibe chimene chimapsa. Ndi okosijeni wozizira amene akutuluka pa vavu yopumira, n'kusandutsa chinyezi cha mumpweya kukhala nkhungu. Yang'anitsitsani thupi la thankiyo ngati sanaikute ndi chofunda: pamayamba kumera chisanu choyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo pamene chisanucho chalekezera m'pamene LOX wafika. Mutha kudziwa nokha kuti thanki yatsala pang'ono kudzaza olengeza asananene.

Chizindikiro chachikulu chakuti nthawi yayandikira n'chakuti nkhungu ija imasiya mwadzidzidzi. Atseka vavu yopumira kuti ayambe kupopa presha m'matanki. Injini zambiri za anthu ongodzipereka zilibe pampu. Mafuta ndi LOX zimakankhidwa ndi mpweya wa naitirojeni kapena helium wopanikizidwa pamwamba pake, ndipo presha ya m'thanki iyenera kuposa ya m'chipinda choyakira moto, apo ayi moto ubwerera m'mapaipi. BPM-5 inapangidwa kuti m'chipinda chake mukhale presha ya ma bar 15, pamene tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi ma bar awiri ndi pang'ono. Vavu ikatsekedwa, LOX amayamba kufunda ndipo sangamusunge choncho nthawi yaitali, kotero ayenera kuyatsa m'mphindi zochepa kapena kutsegulanso n'kuyambira poyamba. Apa m'pamene muyenera kukweza kaonekedwe ka vidiyo yanu.

Mawu atatu amene mudzawamva kawirikawiri ndi awa. Akati hold, aimitsa wotchi koma akadali ndi chiyembekezo. Akati abort, munthu kapena kompyuta yadula ndondomeko ili mkati. Akati scrub, lero basi, kagoneni. Palibe mwa mawu amenewa lochititsa manyazi. Gulu limene silinaimitsepo wotchi ndi limene liyenera kukudetsani nkhawa, chifukwa mavavu amaundana, mawaya amamasuka, sensa imanama, ndipo anthu osamala amaziona zimenezi n'kuima.

Tsopano masekondi atatu aja. Muwaonerenso pang'onopang'ono. Pa YouTube mutha kutsitsa liwiro kufika pa 0.25, ndipo ngati muli pa kompyuta, imitsani vidiyo n'kumadina batani la koma ndi la mpumiro kuti muziyenda chithunzi chimodzichimodzi. Choyamba kuoneka ndi kamoto kapena kautsi ka choyatsira, kotulukira ku nozzle, kukamwa kwa injini kumene moto umatulukira. Kenako magulu ambiri amatsegula mavavu pang'ono chabe, ndipo mumaona lawi lofewa, lopepesuka ngati la nyali ya palafini. Lawilo likakhazikika m'pamene amatsegula kotheratu, moto n'kuwongoka kukhala ngati mkondo. Kutsata ndondomeko imeneyi n'kofunika chifukwa cha ngozi yotchedwa hard start. Mafuta ndi LOX zikaunjikana m'chipinda moto usanagwire, kenako n'kugwira mochedwa ngakhale ndi theka la sekondi, zonse zimayaka kamodzi ndipo injini imang'ambika. N'chifukwa chake kompyuta imakana kutsegula mavavu akulu ngati sinatsimikize kuti choyatsira chayaka. Mukadzaona kautsi kochepa kenako zii, musati akanika. Chitetezo chagwira ntchito yake.

Moto ukawongoka, yang'anani mtundu wake. Wa ethanol umakhala wotuwa, wobiriwira ngati mtambo kapena wachikasu pang'ono, woonekera mkati, moti masana umavuta kuuona bwino. Wa palafini ndi wowala kwambiri, wachikasu, ndipo umasiya mwaye. Mkati mwa lawi mumaoneka timadontho towala tondondozana ngati mikanda pa ulusi. Timeneto amati Mach diamonds. Timabwera chifukwa mpweya wotuluka ukuthamanga kuposa liwiro la phokoso ndipo presha yake siyofanana ndi ya mpweya wapanja, ndiye umafinyika n'kufutukuka mobwerezabwereza. Mikandayo ikakhala chilili pamalo amodzi, injini ikuyaka mokhazikika. Ikamavina kutsogolo ndi kumbuyo, presha ya m'chipinda ikusinthasintha.

Pali mitundu iwiri imene imaumitsa thupi aliyense wodziwa. Lawi likasanduka lobiriwira ngati msipu injini ili mkati moyaka, ndiye kuti kopa wa m'kati mwa chipinda wayamba kupsa. Mukaona nthethe zoyera zikuthetheka ngati za pa gulayinda, chikupsa ndi chitsulo. Injini yayamba kudzidya yokha. M'chipinda muja kutentha kumayandikira madigiri 3,000, pamene kopa amasungunuka pa 1,085 ndipo chitsulo pafupifupi 1,500. Chimene chimapulumutsa khoma ndi mafuta omwewo. Chipindacho chimakhala ndi makoma awiri, ndipo mafuta asanalowe kukayaka amadutsa kaye pakati pa makomawo kuchotsa kutentha. Ena amawonjezera timabowo m'mphepete mwa injekita, mbale yatimabowo yopoperera mafuta ndi LOX m'chipinda, kuti kamafuta kena kaziyenderera pakhoma ngati chishango. Kanjira kamodzi kakatsekeka ndi kachidutswa ka zowotcherera, malo amenewo amabooka m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Apa m'pamene pagona chifukwa cha masekondi atatu. Injini yatsopano amaiyatsa pang'ono, n'kuizimitsa kutentha kusanalowerere, kenako n'kusuzumira mkati ndi tochi kapena kakamera kufufuza mizere yopsa. Zikakhala bwino amapita pa masekondi asanu, khumi, makumi awiri, mpaka nthawi yonse imene idzafunike pouluka. Kuyatsa nthawi yaitali pa tsiku loyamba n'kutchova juga ndi ntchito ya miyezi.

Phokoso la pa foni musalikhulupirire kwambiri, chifukwa maikolofoni imagonja n'kumangotulutsa phokoso lophwanyika. Komabe limaphunzitsa zina. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye mukaona moto kenako n'kumva kulira patatha theka la sekondi, kamerayo ili pa mtunda wa mamita 170. Funso limeneli likhoza kulowa m'mayeso a ana anu. Ndipo pali matenda awiri a injini amene amamveka. Oyamba ndi chugging: injini imalira modukiza ngati njinga yamoto yomwe ikutha petulo, lawi likutalika n'kufupika. Gwero lake kawirikawiri ndi injekita. Presha iyenera kutsika mokwanira podutsa timabowo take, ndipo akatswiri amakonda kuti itsike ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a presha ya m'chipinda. Ikatsika pang'ono chabe, moto ukakula umatsekereza mafuta, mafuta akachepa moto umafooka, ukafooka mafuta amakhamukiranso, zikumangozungulira choncho. Matenda achiwiri ndi oopsa kwambiri: kulira kwa likhweru lakuthwa, mafunde a presha akugunda makoma a chipinda koposa ka 1,000 pa sekondi. Amenewa amasesa kamafuta koteteza khoma kaja ndipo amatha kuboola injekita sekondi isanathe. Si vuto la osauka okha. Injini ya F-1 yomwe inanyamula roketi ya Saturn V kupita kumwezi inavutika nalo zaka zingapo, mpaka anaika timakoma pa injekita, ndipo poyesa ankaphulitsa dala timabomba ting'onoting'ono m'chipinda kuti aone ngati motowo ungadzikhazikitse wokha.

Pozimitsa, mudzamva kufwenthera kwamphamvu ndi kuona nkhungu kapena timalawi totsalira. Akupemerera naitirojeni kuti achotse mafuta otsala m'mapaipi ndi mu injekita. Kamoto kochepa kolendewera ku nozzle kwa masekondi angapo si kachilendo. Chimene chiyenera kukusangalatsani n'chakuti pa mphindi zingapo zotsatira palibe munthu amene akuyandikira. Amayamba atulutsa presha yonse m'matanki, n'kudikira mmodzi wolamulira chitetezo kuti alengeze kuti malo ali bwino.

Koma yankho lenileni la funso lanu lakuti zinatheka kapena ayi silili mu vidiyo ya tsikulo. Limabwera patatha masiku, gululo likatulutsa magirafu. Muwafunefune, ndipo kwa mphunzitsi wa Physics amenewa ndiwo mnofu. Girafu yoyamba ndi ya mphamvu yokankha, yoyezedwa ndi load cell, yomwe ndi sikelo yamagetsi imene injini imaikankha. Injini yabwino imajambula chinthu chonga tebulo: kukwera msanga, kuyenda chopingasa, kutsika msanga. Nsonga yaitali poyambirira ndiyo fungo la hard start. Mano a sowo pamwamba pa tebulolo ndiwo chugging. Mzere wotsetsereka pang'onopang'ono si vuto nthawi zonse, chifukwa magulu ena amapopa mpweya kamodzi kokha n'kuusiya uzifutukuka pamene thanki ikupungulika, ndiye mphamvu imatsika mwachibadwa. Koma ngati presha ya m'matanki ili chimodzimodzi pamene ya m'chipinda ikugwa, kaikirani kuti pakhosi pa nozzle pakudyeka n'kumakula.

Nambala imene amaitamanda kwambiri ndi Isp, yomwe ili ngati makilomita pa lita kwa galimoto. Kuipeza n'kosavuta: tengani mphamvu yokankha mu ma newton, muigawe ndi makilogalamu amene akupsa pa sekondi, kenako mugawenso ndi 9.81. Mwachitsanzo, injini yokankha ndi ma newton 5,000 imene ikudya makilogalamu 2.5 pa sekondi, mafuta ndi LOX pamodzi, ili ndi Isp ya masekondi pafupifupi 204. Injini yotero pa masekondi atatu yameza makilogalamu 7.5. Poyerekeza, injini zikuluzikulu za Space Shuttle, zoyaka ndi haidirojeni, zinkafika masekondi 452 kunja kwa mpweya wa dziko. Ina ndi O/F, kulemera kwa okosijeni poyerekeza ndi mafuta, ndipo pa ethanol wosungunula uja imakhala cha m'ma 1.3. Ikakwera kwambiri moto umatentha mopitirira ndipo okosijeni wotsala amayamba kudya chitsulo. N'chifukwa chake anthu osamala amayamba ndi mafuta ochulukirapo. Ndipo musanaone manambala onsewa, funani kaye chimene iwo eni ananena kuti akufuna kuyesa. Ngati cholinga chinali kuona ngati choyatsira chatsopano chikugwira, masekondi atatu ndi chipambano chathunthu. Ngati anakonza masekondi 30 koma kompyuta inadula pa atatu, funso ndi lakuti inaona chiyani, ndipo gulu loona mtima limanena poyera.

Kuti muone kufunika kwa kuyesera pansi, tsatani mbiri ya gulu la ku Denmark lija. Mu 2014 roketi yawo yaikulu ya HEAT-2X inagwira moto pa static fire injini itawonongeka, ndipo sinaulukepo n'komwe. Anabwerera m'mbuyo n'kupanga injini yaing'ono, BPM-5 ija, yomwe akanatha kuiyesa kambirimbiri. Mu Julayi 2016 roketi ya Nexø I inanyamuka pa nyanja ya Baltic kufupi ndi chilumba cha Bornholm, koma vuto la mbali ya LOX linaifooketsa n'kungofika pa kilomita imodzi ndi theka. Pa 4 Ogasiti 2018 Nexø II inakwera pafupifupi makilomita 6.5 n'kutera bwinobwino ndi parachuti. Loto lawo ndi roketi ya Spica yodzanyamula munthu kupyola makilomita 100. Masekondi ochepa asakunyozetseni: roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi, ya Robert Goddard, pa 16 Malichi 1926 ku Auburn m'chigawo cha Massachusetts, inauluka masekondi awiri ndi theka n'kukwera mamita osapitirira 13.

Za bandulo ndi nthawi ndinene mwachidule. Pa maola odikira ikani vidiyo pa 144p kapena 240p n'kumamvera mawu, ndipo mukweze kufika pa 720p pokhapokha nkhungu ija ikasiya. Ola limodzi pa 720p limatha kudya gigabaiti yathunthu, pamene pa 240p silifika ngakhale pa kota yake. Ngati netiweki ili yovuta, palibe chimene mwataya podikira vidiyo yodulidwa bwino yomwe imatuluka pambuyo pake, ndipo kawirikawiri imakhala ndi zithunzi za kamera yojambula pang'onopang'ono zimene pa tsikulo panalibe. Nthawi ya kuno ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, ndi maola awiri. Ku Copenhagen wotchi imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi. Ku California, komwe magulu ambiri a ophunzira amakayesera m'chipululu cha Mojave pa malo a Friends of Amateur Rocketry, ali m'mbuyo ndi maola 9 kapena 10, ndiye m'mawa wawo ndi madzulo athu. Chenjezo limodzi: pa YouTube pamabuka matchanelo onamizira makampani a maroketi, oonetsa vidiyo yakale ngati ikuchitika pompano, n'kuika QR code yakuti mutumize ndalama za crypto zibwere zitachulukitsidwa. Ndi akuba. Lowani kudzera pa tsamba lenileni la gululo.

Tsopano za ana anu, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Musawalole kupanga injini yoyaka moto, kaya kusukulu kaya kunyumba, ndipo muwauze chifukwa chake m'malo mongowakaniza, chifukwa mwana wokanizidwa popanda chifukwa amakayesera kuseri kwa khola. Chimene adzapeze pa intaneti si injini ya LOX, ndi timavidiyo ta mafuta olimba osakaniza kukhitchini n'kuwapakira m'paipi. Timaoneka tophweka, koma mtundu umenewu ulibe vavu. Ukayaka sungauzimitse. Mafuta olimba amapsa pankhope pokha pamene moto wakhudza, ndiye mukakhala kamng'alu kapena kathovu kosaoneka ndi maso, malo oyaka amachuluka mwadzidzidzi, presha imakwera, presha ikakwera mafuta amapsa msanga koposa, ndipo paipi imaphulika munthu asanaphethire. Paipi yachitsulo imasanduka zipolopolo, ya PVC imasweka kukhala tizidutswa takuthwa. Ambiri amapsa asanafike n'koyatsa komwe, ali mkati mosakaniza. Pamwamba pa zonsezi, kupanga zophulika popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Explosives Act.

Ngakhale mitundu yooneka yofatsa ili ndi mano. Pa 26 Julayi 2007 ku Mojave, akatswiri a kampani ya Scaled Composites ankangoyesa kayendedwe ka nitrous oxide, mpweya wothandiza moto kuyaka, mu injekita, popanda kuyatsa moto uliwonse, koma kunaphulika ndipo anthu atatu anamwalira. Okosijeni nayenso, funsani wowotcherera aliyense wa gasi, adzakuuzani kuti geji ya okosijeni saipaka girisi kapena oilo, chifukwa zimayaka zokha. Anthu munawaona aja amatsuka paipi iliyonse ya LOX mpaka isatsale ndi mafuta a chala chomwe, amabisala kuseri kwa khoma kapena m'kontena patali, ndipo amakhala ndi zozimitsira moto ndi chilolezo. Vidiyo imaonetsa lawi, zinazi siziwoneka. Kumaiko kumene masewerawa anakhazikika, monga ku America, ana amayamba ndi timainjini togula topangidwa kufakitale, toikidwa m'magulu a zilembo. Gulu A limafika ma newton-sekondi 2.5, chilembo chilichonse chotsatira chimawirikiza kawiri, ndipo kuyambira pa H munthu amayenera kukhala ndi satifiketi ya NAR kapena Tripoli, mabungwe a anthu oulutsa maroketi ngati masewera.

Chidwi cha anawo musachiphe, chipatseni roketi ya madzi. Physics yake ndi yomweyo, lamulo lachitatu la Newton, ndipo khalidwe loyesa limene munaliona likhoza kuphunziridwa lonse pamenepo. Tengani botolo lapulasitiki la malita awiri la chakumwa cha gasi, losakandika ndi losakhalitsa padzuwa. La madzi wamba ndi lopyapyala, ndipo lagalasi musaliyerekeze n'komwe. Thiranimo madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi mamililita 650. Chotsekera chikhale cha labala kapena cork chothina bwino, chobooledwa pakati n'kulowetsamo vavu ya tayala la njinga. Matani zipsepse zitatu kapena zinayi za katoni yolimba cha kukamwa kwa botolo, ndipo kumutu kwake, komwe ndi kutako kwa botolo, ikaniko dongo kapena theka la mpira wa tenesi lolemera magalamu 30 mpaka 50. Popanda kulemera kumeneku roketi imapidiguka m'malo molunjika. Gwiritsani pampu yanjinga yokhala ndi geji ndi paipi yaitali mamita asanu kapena kuposerapo, ndipo musapyole ma bar anayi. Botolo latsopano liyeseni kaye litadzaza madzi mpaka pakamwa, lili kuseri kwa khoma, chifukwa madzi safinyika ndipo likasweka limangong'ambika popanda kuulutsa zidutswa. Oonerera aime mamita 15, pabwalo lampira, kutali ndi mawaya a magetsi ndi msewu. Ikakana kunyamuka, wina asaweramirepo mutu. Tulutsani mpweya kaye, ndipo ameneyo akhale abort wanu woyamba.

Kenako achite zimene magulu aja amachita. Mmodzi akhale wolamulira chitetezo amene mawu ake ndi omaliza, wina awerenge ndondomeko yolembedwa papepala, wina ayeze. Mwana ataima mamita 30 kuchokera ponyamukira, ali ndi protractor yomangirira ulusi ndi kamwala, angathe kuyeza ngodya ya pamene roketi yalekezera, ndipo kutalika kwake ndi 30 kuchulukitsa ndi tangent ya ngodyayo, kuphatikizapo msinkhu wa maso ake. Asinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse: madzi kota, gawo limodzi mwa atatu, theka, presha ili yomweyo, ndipo muyeso uliwonse aubwereze katatu. Asanapope alembe chimene akuganiza kuti chichitika. Mukajambula ndi foni yotha kujambula pang'onopang'ono, adzadabwa kuona kuti madzi onse amatha theka la sekondi lisanakwane, ndipo ulendo wonse wotsalawo roketi imangoyenda ndi liwiro lomwe yapeza kale.

Pakapezeka mwana amene roketi ya madzi siikumukwaniranso, nthawi yofuna thandizo loposa langa ndi lanu yakwana. Lemberani a dipatimenti ya uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, mupemphe mphunzitsi woti adzalankhule ndi kalabu yanu kapena kulandira anawo ku labotale. Muuzeninso mwanayo kuti njira yake ilipo mu Africa momwe muno. Ophunzira ndi aphunzitsi a University of KwaZulu-Natal ku Durban amapanga maroketi otchedwa Phoenix, oyaka ndi sera ya makandulo ndi nitrous oxide, ndipo mu Malichi 2021 imodzi mwa iwo inakwera pafupifupi makilomita 18 kuchokera pa malo oyesera a Overberg ku Western Cape. Kumeneko amalowera pa khomo la digiri ya mechanical engineering, choncho masamu ndi Physics ya pa MSCE aigwire ndi manja awiri. Ndipo mukangomva mphekesera yakuti wina wayamba kale kusakaniza zinthu kunyumba, musadikire Lolemba. Lankhulani ndi makolo ake ndi ahedi tsiku lomwelo, zosakanizazo wina asazigwire kapena kuzisuntha, ndipo a polisi ndiwo aitanidwe kuti azichotse.